Uthenga Unafika Mwini Wake Ali Pamzere wa Mafuta

...ndiye mawu anu aja oti "bola uthenga wafika" ndi amene amandiwiritsa magazi ine. Bola wafika? Wafika bwanji? Wampeza munthu ali pati, atanyamula chiyani? Taikani kaye mafoniwo pansi, nanunso kumbuyoko, mumve.

Panali munthu wina, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto ku Lilongwe, dzina lake Lonjezo. Sanali woipa mtima ayi. Vuto lake linali chala. Ngozi ikachitika pamsewu, anthu akuthamangira wovulala, iye amakhala atajambula kale n'kuponya pa gulupu. Pasiteji anzake ankamutcha Wailesi, ndipo dzinalo ankalikonda, poti kumva nkhani wachiwiri kunkamuwawa.

Anali ndi achimwene ake, a Matiyasi, amene anamuphunzitsa kuyendetsa njinga. A Matiyasi anadwala masabata awiri m'chipatala, ndipo Lachiwiri lina m'mawa anatsirizika. Pambali pa bedi panali Lonjezo ndi amalume ake basi. Mayi awo, a Nankhoma, anali kumudzi, kupitirira Nathenje uko. Anali atabwerera Lamlungu kukatenga ufa, atauzidwa kuti wodwala wayamba kupezako bwino.

Amalume anamutengera Lonjezo panja.

"Mphwanga, pukuta maso undimvere. Kwera njingayo. Usakafikire kwa mayi ako. Uyambe wadzera kwa amayi ako aakulu, ukawauze iwowo. Akatenga amayi ena awiri, mukapitire limodzi. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Foniyo ikhale m'thumba."

"Ndamva."

Ndipo anamvadi. Ankadziwa mmene zimayendera, anazionapo pa imfa ya bambo ake. Amayi amafika ngati odzacheza. Amayala mphasa. Ngati munthu wagwira mpeni kapena khasu amamulandira mwaulemu, ngati ali pafupi ndi moto amamusuntha. Wina amakhala kumanja kwake, wina kumanzere. Kenako wamkulu amayambira patali, kuti matenda aja akula. Amadikira. Pofika pomva mawu enieniwo, munthu amakhala ali kale m'manja mwa anzake.

Koma njinga inalibe mafuta. Komwetsera kunali mzere wokhota mpaka kuseri kwa mpanda. Lonjezo anaima pamenepo, dzuwa likuswa mutu. Anzake a pamzere ankakangana za mpira. Palibe amene ankadziwa kuti iye watsala yekha. Dzanja linangolowa m'thumba lokha. Anapeza chithunzi cha a Matiyasi atavala suti, akuseka paukwati wa mnzawo. Anaikapo kandulo, n'kulemba kuti, "Muwuse mumtendere achimwene, mwandisiya ndi ndani?" Mumtima anati, amayi foni yawo n'kakang'ono ka mabatani, angaone bwanji? Anadina, sitetasi n'kupita.

Mafuta anamwetsa patatha ola. Anathamanga msewu wonse osaima, akuyeseza pakamwa mmene akayambire kwa amayi ake aakulu.

Sanakafikeko n'komwe. Atangokhota pamjigo wa pamudzi, anamva kulira. Chidebe cha amayi ake chinali gone pambali, chitang'ambika, madzi atapanga matope. Duku lawo linali pansi.

Zinachitika n'zakuti mayi wina woyandikana nawo nyumba, make Esinta, amene mwana wake wa ku Joni anamutumizira foni yaikulu, anaiona sitetasi ija. Anathamanga kukapepesa, akuganiza kuti mudzi wonse wamva kale. Anawapeza a Nankhoma atangosenza chidebe.

"Pepani mayi, pepani kwambiri."

"Pepani wa chiyani, make Esinta?"

Make Esinta anangowatembenuzira foni ija. A Nankhoma sadziwa kuwerenga, koma nkhope ya mwana wawo ndi kandulo anazimva. Anagwa chagada pasimenti, chidebe chili pamutu. Panalibe mphasa. Panalibe wa kumanja, panalibe wa kumanzere. Mkono unathyoka pomwepo. Mwana wawo anamuperekeza kumanda iwo ali ndi chikhakha, nkhata ya maluwa anachita kuwagwirira.

Lonjezo anafufuta sitetasi ija ali pamjigo pomwepo. Anthu mazana awiri anali ataiona kale.

Palibe amene anamukalipira. Bola akanamukalipira. Amalume maliro onse sanamuyang'ane kumaso. Anthu atabalalika, amayi ake anamuitana pakhonde. Anafika n'kugwada.

"Amayi, ine sindimafuna zithe chonchi. Ndimabweratu. Ndinali panjira."

"Ndikudziwa, mwanawe. Unali panjira."

Anamasula mfundo ya chitenje ndi dzanja limodzi, movutikira, n'kutulutsa kafoni kaja kamene iye yemwe anawagulira. Anakaika pansi patsogolo pake.

"Ndinabereka awiri. Imfa ya wina ndinaimva kwa munthu wa nyumba ina, ndili ndi madzi pamutu, winayo ali moyo, ali ndi njinga. Tenga aka. Ukakhala ndi mawu, uzibwera nawo."

Mpaka lero amapita Loweruka lililonse. Amakhala pakhonde paja foni atazimitsa, ndipo amayi ake amamupatsa moni bwinobwino, kumufunsa za m'tauni. Mkono uja unapola mokhota, moti madzi amachita kuwatungira. Ndipo munthu aliyense akamabwera kwa iwo atagwira foni m'manja, ngakhale akuseka, iwo amasiya chimene akuchita, kukhala pansi, kudikira. Lonjezo amaziona zimenezo Loweruka lililonse.

Tsono inu aise. Lonjezo sananame. Zonse analemba zinali zoona, ndipo zinafika msanga. Koma kulankhula si kungotulutsa zimene zakutsamwa iweyo ayi, umayamba waganiza za amene akulandirayo. Bwana akakudzudzulani pa gulupu ya kuntchito, anthu makumi atatu akuwerenga, mumadandaula sabata yonse kuti akanandiitanira pambali. Koma inu nomwe chibwenzi cha zaka zitatu mumathetsa ndi meseji ya mizere iwiri. Mkazi wanu amamva kwa anzanu a pabawo kuti ntchito inatha. Nkhani ikakhala yaikulu, dzuka, pita, ukakhale pansi ndi mwini wake. Chala chisanadine, dzifunse kuti woyamba kumva ndani, ali pati, ndipo akagwa amugwira ndani.

Ndiye alipo pano amene angapite pakhonde paja, kukawayang'ana a Nankhoma ndi mkono wawo wokhotawo, n'kuwauza kuti bola uthenga unafika?