Mlomo wa Dzimbiri Unatsala Padooko

Kale, mtsinje wa Mkamasa unkalekanitsa mitundu iwiri, a kuphiri osula makasu ndi a kuchigwa olima mapira. Ankalimbirana dambo lodyetsera ng'ombe, mkangano wotopetsa umene unakalambitsa anthu ambiri.

Chaka china a kuphiri ankasankha mtsogoleri poima pamzere kumbuyo kwa munthu amene amufuna. Opikisana anali awiri. Kamtedza ankati alonda akhalebe padooko ndi mikondo yawo, koma amithenga aziwolokanso kukakambirana. Anthu ankangoyasamula, pakuti nzeru yotere ilibe ng'oma yovinira. Dzimbiri ataona zimenezi anasankha kukuwa.

Mkazi wa Dzimbiri, Nangozo, anali wa kuchigwa, ndipo bambo ake anaikidwa m'manda komweko. Tsiku la msika wa padooko, mitundu yonse iwiri ili pomwepo, anamva mwamuna wake akufuula: "Mukandisankha, tidzawoloka ndi mikondo, ndipo ndidzalima pamanda a makolo awo!"

A kuphiri analulutira. A kuchigwa anangomanga mitolo yawo mwakachetechete n'kuwoloka.

"Bambo a Tiyese," anatero Nangozo kunyumba, "pamanda amenewo pali apongozi anu."

"Mayi, amenewa ndi mawu okopera anthu basi. Nkhondo ndiifuna ine? Mawa aiwala."

Nangozo anangopitiriza ntchito zake. Anali atatopa kulangiza munthu womvera nthungululu zokha. Mzere wa Dzimbiri unatalika, ndipo anapambana.

Chaka chomwecho dzombe linadya minda ya kuphiri, anthu n'kudya ngakhale mbewu. Mitambo itayamba kusonkhana, panalibe chodzala. Mikondo inalipo yambiri, koma mkondo sumera. Dzimbiri anaisiya, nawoloka kukapempha mbewu kuchigwa, atatenga malichero ndi mkazi wake kuti akamupepesere.

Anawalandira Chimtengo, mlongo wake wa Nangozo, amene ankasunga nkhokwe za kuchigwa. Anawayalira mphasa, nawamvetsera mpaka kumaliza. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu, naliika pamapazi a Dzimbiri.

"Alamu, manda aja ndi awo pansi pa mtondo. Yambani kulima, mbewu tikupatsani mukamaliza."

Dzimbiri anangoti zyoli. Nangozo anagwada nalira, koma mlongo wake anapukusa mutu.

"Achemwali, inu ndi ana bwererani kuno mudzadye. Koma mbewu siiwoloka."

Mvula inagwa pa minda yopanda kanthu. Nangozo, ndi mtima wosweka, anawolotsa ana ake, ndipo ambiri a pamzere uja anamutsatira kukapempha malo.

Apa ndi pamene akulu anati: "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza." Ana inu, phazi mvula imafafaniza, koma mawu oipa amakhala pamene unawasiya, kukudikira. Wofuna mpando amaiwala kuti pamene akusangalatsa anthu ake, a kutsidya nawonso ali ndi makutu, ndipo tsiku la njala adzagogoda pakhomo pawo.