Kamera ya Tsilizani pa Dziwe la Bua

Ana inu, nkhani zambiri zofotokoza miyambi zimanena za kalekale, nthawi imene palibe angaichitire umboni. Iyi si yakale choncho, ndipo ndiinena mosakometsera, chifukwa nkhani yoti muphunzirepo kanthu siyenera kupakidwa mafuta.

Ku Nkhotakota kunali bambo wina wachinyamata dzina lake Tsilizani, amene ankajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kamera anali nayo imodzi yokha, ndipo ndiyo inali khasu lake. Mkazi wake ndi ana ake awiri ankadya za kamerayo. Bambo ake anali okhoma ndowa, ndipo iye anatengera luso lawo la manja. Chinthu chikawonongeka pakhomo sankaitana munthu.

Tsilizani anali ndi msuweni wake wamkazi, Asiyatu, amene ankagwira ntchito pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Ntchito yake inali yotsogolera alendo pamadzi, atakwera timabwato ta pulasitiki topapatiza totchedwa kayaki, tokwera munthu mmodzimmodzi.

Tsiku lina Asiyatu anafika kwa Tsilizani.

"Msuweni, ndakupezera ntchito," anatero. "Abwana akufuna vidiyo ya alendo akupalasa, Loweruka likudzali. Koma kayaki si benchi ya m'tchalitchi, imagudubuzika. Kamera yakoyo uiteteza bwanji?"

"Zimenezo ndisiyire ine."

"Ukakonza choikamocho ubwere nacho ndidzachione."

"Uone chiyani, mkazi wangawe? Iwe dziwa nkhafi, ine ndidziwe kamera."

"Mkazi wako ndani? Ndikanakwatiwa ndi iwe bwenzi nditaonda ngati nkhafiyo," anayankha Asiyatu akuseka, nabwerera kuntchito.

Tiyenera kunena chilungamo: Tsilizani anagwira ntchito yabwino. Anadula chitsulo cholimba, nakhoma bokosi loti kamera ikhalemo mosagwedera. Kutsogolo anaikako galasi lochindikala, nalimata ndi guluu. M'mphepete mwa chivindikiro anayalamo mphira wa chubu cha galimoto, ndipo chivindikirocho ankachimanga ndi mabawuti anayi. Anadziwanso kuti mpweya wotsekeredwa umachita nthunzi pagalasi bokosi likakhudza madzi ozizira, choncho anasokera timakala m'kansalu kuti tiziyamwa chinyezi.

Atatha anaikamo pepala louma m'malo mwa kamera, naponya bokosilo mumgolo wodzaza madzi. Linatsika lokha mpaka pansi.

"Amake Chisomo, taonani!" anaitana mkazi wake. "Silikufuna ndi mwala womwe wolipanikiza."

Linakhala mumgolomo masiku awiri. Atalitsekula, pepala lija linali louma ngati kuti langochoka m'sitolo.

"Mwakawaonetsa alamu?" anafunsa mkaziyo.

"Akaonera pamadzi pomwepo. Ndikufuna akadabwe."

Loweruka m'mawa anafika pagombe bokosi lili m'chikwama. Asiyatu anali wotanganidwa ndi alendo awiri, kuwaveka majekete oyandamitsa ndi kuwaonetsa kagwiridwe ka nkhafi. Anamuponyera Tsilizani jekete yake, nafunsa kuti, "Kamera ili bwino?"

"Ili bwino kuposa iwe."

Tsilizani anabisala kuseri kwa mtengo, nayatsa kamera, naitsekera m'bokosi, naliika pakati pa miyendo yake m'kayaki. Ananyamuka onse anayi, Asiyatu patsogolo, iye pambuyo.

Kwa ola lathunthu madzi anali odekha, ndipo iye ankajambula misana ya alendo, mbalame ndi mabango. Kenako anafika pamalo pamene mtsinje umathamanga pakati pa miyala usanalowe m'dziwe lakuya. Asiyatu anadutsa, alendo anadutsanso akukuwa ndi chisangalalo. Tsilizani anaona kuti chithunzi chenicheni chinali pamenepo. Anagoneka nkhafi pamiyendo, nanyamula bokosi ndi manja onse awiri.

Asiyatu atacheuka ndi pamene analiona koyamba, likunyezimira padzuwa.

"Tsilizani! Chimenecho wachimangirira?"

Tsilizani anapitiriza kujambula. Kayaki yake inagunda mwala cham'mbali n'kugudubuzika. Munthu akagwa m'madzi mosayembekezera manja amatseguka okha, safunsa mwini wake. Jekete inamukweza pamwamba akutsokomola. Bokosi silinabwere.

Asiyatu anamukokera kumtunda, naonetsetsa kuti sanavulale, kenako anakadula nsungwi yaitali. Anafufuza nayo m'dziwemo mpaka dzuwa linafika pamutu, koma nsungwiyo siinakhudze pansi. Anapempha asodzi awiri amene ankadutsa kuti amire.

"Dziwe ili lili ndi eni ake, achimwene," anatero mmodzi, akuloza pamchenga pamene panali mapazi a ng'ona. "Ngakhale mutati muli mwana wa ng'ombe m'menemo, ife ayi."

Tsilizani anakhala pamwala, madzi akuchucha.

"Koma madzi sangalowe," anatero motsitsa mawu. "Ndinaliyesa masiku awiri."

"Sindikukana, msuweni," anayankha Asiyatu. Nthawi ino sanaseke. "Tandiyang'ana."

Anamuonetsa jekete yake. Wenzulo inali pachingwe. Mpeni unali pachingwe. Foni yake inali m'kathumba ka pulasitiki, kathumbako kali pachingwe, ndipo kuchingweko kunali kabotolo kopanda kanthu kotseka bwino.

"Pamtsinje pano chilichonse chimene sukufuna kutsanzikana nacho umachimangirira, ndipo cholemera umachipatsa choyandamitsa. Zigubu ziwiri za mafuta ophikira zikanakwana. Zili mbwee kuseri kwa khitchini yathu, timangozitaya."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuza za chinthu chimene sindinachione? Ine ndimayesa waiika m'thumba la pulasitiki ngati anzako."

Anthu ena pofotokoza nkhaniyi amati ng'ona inameza bokosilo, ena amati usodzi wa chaka chotsatira unalivuula kamera ikugwirabe ntchito. Zimenezo ndi zokometsera chabe. Chimene chikudziwika n'chakuti silinapezeke, ndipo Tsilizani anatha zaka ziwiri akukhoma ndowa pamsika asanagwirenso kamera. Ine sindikayika kuti kamera ija ikadali youma pansi pa Bua, pakuti mmisiri wa bokosilo sanali wabodza.

Ndiye chifukwa chake kumeneko, munthu akamakonzeka kuchita chinthu mobisa kuti anzake adabwe, amamukumbutsa mawu akuti: "Safunsa anadya phula."

Phula ndi zisa za njuchi zimene zimatsala uchi ukafinyidwa. Munthu amene sanafunse odziwa kufula njuchi anatafuna phulalo, uchi n'kuusiya. Sikuti anali waulesi, kapena wopusa. Anafika pamng'oma n'kulumidwa ndi njuchi mofanana ndi anzake. Mwambiwu sunyoza luso. Ukunena kuti munthu amateteza mbali imene akuidziwa, ndipo mbali imene sakuidziwa sangaione n'komwe kuti ilipo. Tsilizani ankadziwa kumene madzi amalowera. Asiyatu ankadziwa kumene zinthu zimapita zikapulumuka m'manja. Choncho mukakonza chinthu chanu, ngakhale chitakoma chotani, kachionetseni kwa amene amakhala kumene chikukagwira ntchitoko, chisananyamuke pakhomo.