Makobidi a Malemu Gil

M'nyumba ya a Pyo Dal-su, ku Gimje, munali kabati imene ngakhale mayi a m'nyumbamo sankaloledwa kuipukuta fumbi. Mmenemo munkagona makobidi akalekale, a bowo pakati, obiriwira ndi dzimbiri. A Pyo anali mkulu wa mpingo wokondedwa, wosaphonya mapemphero a m'bandakucha, ndipo akayambitsa nyimbo ngakhale wouma mtima ankafewa. Koma Loweruka, ku okushoni ya zinthu zakale m'shedi ya kuseri kwa msika, ankavala lilime lina. Akaona katundu wabwino ankamunyoza mokweza, anzawo n'kubweza manja, iwo n'kugula motchipa.

"Bambo a Eun-ju," akazi awo ankatero powapatsa chipewa, "pakamwa podalitsira anthu mawa, ndi pomwepo mukanyozere katundu wa eni lero?"

"Ndi malonda, mayi. Pamsika salalikirapo."

Loweruka lina wotsatsa malonda anakweza chingwe cha udzu chotungidwa makobidi. A Pyo anazindikira pomwepo kuti makobidiwo anali enieni, ena osowa kwambiri. Koma anakwinya mphuno.

"Aaa, zimenezo? Zosula dzulo izi, dzimbiri lake n'lothira viniga! Amene anazisonkhanitsa, ngati sanali chitsiru, anali tambwali."

Anthu anaseka. "Akulu a mpingo agamula, achite apilo ndani?" wina anakuwa. Panalibe wokweza dzanja koma a Pyo okha, ati zokaseweretsa adzukulu, ndipo anatenga chingwecho pa mtengo wa nkhomaliro imodzi. Anabwerera akuimba mluzu, monga wogula uja wa m'Malemba amene amapeputsa katundu pamaso pa mwini wake, akapotoloka n'kumadzitama.

Lachitatu masana kunafika Mayi Ok Sun-rye, wamasiye wa m'kwaya ya amayi. Amuna awo, a Gil, anamwalira chaka chatha, ndipo wolalika pamaliro anali a Pyo omwewo. Mayiwo anavula nsapato pakhomo, nawerama kwambiri, naika makeke a mpunga patebulo.

"Akulu a mpingo, ndabwera kudzapepesa. Makobidi aja anali a bambo a kwathu. Ndinakhala kumbuyo m'shedi muja, ndinamva zonse. Inu munangogula mwachifundo, kuti mwini wake asachite manyazi."

Mayiwo anapitiriza za malemu amuna awo:

"Munthu ameneyu anadzimana moyo wake wonse, nsapato zong'ambika, akuti mabokosi ake a makobidi adzakwatitsa mdzukulu wathu. Ine ndinangoyesa kaye chingwe chimodzi. Dzulo ndinapita kumanda kukawakalipira. Ndinati, 'Bambo inu, mwandivula pamaso pa mtumiki wa Mulungu.'"

"Mayi, mabokosiwo ali kuti?"

"Musadandaule, sadzapusitsanso munthu. Lolemba kunadutsa galimoto ya ogula zitsulo zakutha, ndinawapatsa onse pa sikelo, limodzi ndi mapoto obooka. Mwana wanga ankati tikafunse kaye kwa odziwa. Ine ndinati, wodziwa woposa a Pyo ndani? Mkulu wa mpingo anganame?"

Akazi a a Pyo, amene ankathira tiyi wa balere, anaika ketulo pansi mwakachetechete, osayang'ana amuna awo.

A Pyo anagwada pamaso pa wamasiyeyo, chipumi pansi, naulula zonse. Anabweza chingwe chija. Kenako anazungulira kwa ogula zitsulo onse mpaka ku mzinda wa Iksan, koma mkuwa unali utalowa kale m'ng'anjo.

Mayi Ok analira, koma anawakhululukira, pakuti anali mwana wa Mulungu. Anangopempha chinthu chimodzi: kuti a Pyo awaperekeze kumanda, akatsuke dzina la malemu ndi pakamwa pomwe analidetsera. A Pyo anakwera kaphiri ka mandako chipewa chili m'manja, naima pamaso pa mwala wa a Gil. Munthu amene mawu ake ankadzaza tchalitchi, tsikulo ankamveka ngati udzudzu.

"Kwezani mawu, akulu a mpingo," anatero wamasiyeyo modekha. "Bambowa anali ogontha khutu limodzi."

Akale sananame: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.