Mbalule ya a Gwedeza

Ana inu, mwambi uja wa ng'oma sunagwe kumwamba ngati matalala ayi. Unabadwira pakhomo pa a Gwedeza, m'mudzi wina wa kumapiri, kale miyala isanaume bwino.

A Gwedeza anali mkamwini wakhama, wolima mpaka khasu kupempha madzi akumwa. Mkazi wawo anali Nankhoma, ndipo ana awo akuluakulu anali mtsikana Lekeleni ndi mlongo wake Msatero, munthu wa mawu ochepa, kenaka tiana tina totsatira pambuyo.

Chaka china Lekeleni anapeza banja kutsidya kwa mtsinje, ndipo anapangana kuti ukwati uchitike akakolola. Apa m'pamene panagona nkhani. M'mudzimo woimba ng'oma anali mmodzi yekha, a Dzuwalatha, atsibweni a Nankhoma, koma manja awo anali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Akutsidya, anthu okonda chipongwe, anatumiza mawu akuti asavutike, ng'oma abwera nazo okha, poti anamva kuti kuno anthu amavinira mitondo. Masiku amenewo mtsikana wokwatiwa ndi ng'oma zobwereka ankamuimba nyimbo pachitsime mpaka kumera imvi.

Nankhoma anakana kuti mwana wake aone zimenezo. Choncho madzulo aliwonse, akaweruka kumunda, banja lonse linkapita pansi pa mtengo wa mango kwa a Dzuwalatha kukaphunzira chimtali. A Dzuwalatha anamupatsa Msatero mpanje, ng'oma yaitali yamawu apansi yosunga mayendedwe a nyimbo. A Gwedeza anapatsidwa mbalule, ng'oma yotsogolera mapazi a ovina. Nankhoma ndi Lekeleni anamanga zitenje m'chiuno, tiana tija n'kumaomba m'manja.

Poyamba zinali zoseketsa. Manja a Gwedeza anazolowera mpini, ndiye ankamenya ng'oma ngati akupuntha nyemba. Mbuzi zinathawira kuphiri. Nankhoma akaponya mwendo kumanja, ng'oma inkamuitanira kumanzere, mpaka onse ankagwa pansi ndi phwete. Koma pang'ono ndi pang'ono manja anafewa, mapazi anayamba kumvana ndi zikopa, ndipo a Gwedeza ankabwerera kunyumba akuimba ng'oma pamimba pawo. Chikwatirireni anali asanakondwepo chotere.

Tsiku lina a Dzuwalatha anawaphunzitsa kuwamba ng'oma. Anayatsa kaudzu kouma, n'kuyandikiza chikopa kumoto, akugogoda ndi chala kufikira mawu atakwera.

"Ikangoyankha muichotse, mkamwini," anatero. "Chikopachi chinali ndi mwini wake. Moto chimaumva."

A Gwedeza anavomera ndi mutu, koma khutu lawo linatola china: ng'oma ikakhalitsa pamoto imalira kwambiri. Mawa lake anaiwamba mopitirizako. Mkuja anaonjezera. Mbalule ija inayamba kulira mwakuti mango ankagwa osapsa, nkhuku zinkaikira m'mawa ndi madzulo chifukwa cha mantha, ndipo nkhalamba ina yogontha chibadwire inabwera kudzadandaula za phokoso. Izi ine sindinaone ndi maso, koma amene anandiuza sankanama kawirikawiri.

Nankhoma anawadandaulira. "Bambo a Lekeleni, ife ovina mpanje sitikuumvanso. Kodi mukuimbira ife kapena mitambo?"

Iwo anangoseka, nati akufuna akutsidya aimve ali m'nyumba zawo.

Tsiku la ukwati linafika. Dzuwa lili pamutu, akutsidya anaoloka ndi ng'oma zawo, naziika pamthunzi, n'kuzikhalira akumwetulira chamumtima. A Gwedeza anayatsa udzu, nawamba mbalule yawo. Nyimbo yoyamba inayenda bwino zedi. Fumbi linakwera, nthungululu zinamveka, ndipo akutsidya anayang'anana kukamwa kuli yasa.

Kukamwa kumeneko n'kumene kunawononga a Gwedeza. Nyimbo itatha, anabwereranso pamoto. Ng'oma inayankha, iwo osaichotsa. A Dzuwalatha anatsokomola. A Gwedeza anaisendezanso pafupi, mpaka ubweya wa m'mbali unayamba kununkha.

Tsopano inafika nyimbo imene aliyense ankadikira, yoti mkwatibwi alowe m'bwalo ndi mayi ake. Lekeleni analowa ali wera, Nankhoma ali pambali pake. A Gwedeza anakweza dzanja kumwamba, nalitsitsa ndi mphamvu zonse za kumunda. Phwaa! Chikopa chinang'ambika pakati, mkono n'kulowa m'ng'oma mpaka m'chigongono, n'kukanirira momwemo.

A Gwedeza anakweza maso. Anaona woimba wa akutsidya akudzuka, akukutumula fumbi pa ng'oma yake. Anaona Lekeleni ataima, mwendo uli m'malere.

Koma bwalo silinakhale chete. Pansipansi pankamveka di, di-di, di. Unali mpanje wa Msatero, umene miyezi yonseyo unkalira osamvedwa ndi munthu. Nankhoma sanaphonye phazi. Anayamba kuomba m'manja mawu enieni a mbalule, tiana tija tinalandira, kenaka amayi onse a m'mudzimo, poti panalibe amene sankawadziwa: anali atawaboola makutu tsiku ndi tsiku. Lekeleni anatsitsa mwendo uja, nadula chiuno mpaka apongozi ake anaiwala manyazi n'kuimba nthungululu. Woimba wa akutsidya anakhalanso pansi.

Nankhoma anavina chofika pamene panali mwamuna wake, nawagwira dzanja lotsalalo.

"Dzukani, bambo. Ng'oma yakukanani, koma miyendo muli nayo."

A Gwedeza analowa m'bwalo ng'oma ili lende kumkono, navina chimtali pakati pa amayi, anthu akugubuduka ndi kuseka. Akutsidya nawo analowa, ndipo ng'oma zawo zinaoloka mtsinje kubwerera zisanalawe moto.

Gule atatha, mkonowo anautulutsa ndi mafuta a nsatsi. A Dzuwalatha anaitembenuza mbalule ija, nasuzumira pabowo, n'kuona a Gwedeza mbali inayo.

"Mkamwini," anatero akupukusa mutu, "ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika."

A Gwedeza anaseka nawo. Anapha mbuzi kuti apeze chikopa china, nyama n'kudya banja lonse, ndipo anaimba mbalule mpaka ukalamba, akuichotsa pamoto ikangoyankha.

Kuyambira pamenepo akulu amati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Amanena munthu amene zikamuyendera amafuna amveke yekha, nadzikoka mopitirira muyeso kuti anthu amutame. Wotereyo sakhalitsa. Ukakhala ndi luso uzisiyako malo oti anzako amveke, chifukwa tsiku limene udzang'ambike, adzasunge gule ndi omwe unkawaphimbawo.