Tsiku Limene Rajabu Anakula

Che Jawadu anafika pa mzikiti wa ku Nselema swala ya masana itangotha, kalata ili m'manja, nkhope ili gwaa. Anapeza Shehe Mtalika atakhala pakhonde, akusoka mkeka wong'ambika. Salamu anapereka, koma mongoponya.

Nkhani inali ya Rajabu. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, Rajabu anamenya mng'ono wa Che Jawadu ndi mpini pokanganirana njinga, mnyamatayo n'kufera pomwepo. Tsopano, patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, a kundende anati akhoza kutuluka asanamalize chilango, bola akuluakulu a mzikiti asaine kuti amulandira ndi kumuyang'anira. Onse anali atasaina kalatayo. Kunatsala Che Jawadu, wapampando wa komiti, ndipo anali atatopa nako kupemphedwa. Popanda dzina lawo, Rajabu sakanatuluka.

"Shehe, ndatopa ndi mawu akuti anali mwana," anatero. "Aliyense akuti mwana, mwana. Rajabu anali atavinidwa. Ku jando tinamuuza tokha kuti kuyambira lero ndiwe mwamuna. Nanga lero umwanawo wachokera kuti?"

Shehe sanasiye kusoka. "Mwafunsa bwino, Che Jawadu. Koma ndithandizeni kaye pa kanthu kena. Twaha wanu anatuluka ku jando chaka chatha, si choncho?"

"Eya."

"Ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zinayi."

"Mu komiti yanu muli mpando wopanda munthu. Ndimati Twaha akhalepo, aziweruza nanu nkhani za maukwati."

Apa Che Jawadu zinawakwana. Anabwera ndi nkhani ya imfa, munthu n'kumawauza zamasewera.

"Shehe, ndimakulemekezani, koma izi ndiye ayi. Twaha? Amene dzulo lomweli amalira chifukwa mpira wake waphulika? Akudziwa chiyani mwana uja?"

"Koma anavinidwa."

 Che Jawadu anakwiya kwambiri, makamaka chifukwa mawuwo anali awo omwe.

Shehe anaika singano pansi.

"Ululu wanu sindiupeputsa. Mng'ono wanu ndinamusambitsa ndine, ndipo chilonda chija ndinachiona ndi maso angawa. Kukhululuka sindingakukakamizeni, zimenezo n'zanu ndi Allah. Koma za jando musandiuze. Tikafuna kumumana mpando, wa zaka khumi ndi zinayi timati ndi mwana. Akalakwa, m'pamene timakumbukira kuti anavinidwa."

"Ndiye mukuti ndisaine?"

"Ayi, sindinatero. Mnyamata amene mukumukanayo kundendeko kulibe. Kuli bambo wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, amene akuti amasambitsa maliro a akaidi opanda abale, ndipo inu simunamuonepo. Mlanduwo munauweruza kale, koma munthuyo ayi. Pitani mukakhale naye, mumuyang'ane m'maso. Mukabwerako, ngati mukukana, mukane munthu amene mukumudziwa."