Adadzutsa Nkhono Ndani?

Kalekale, misewu yambiri ikadali yafumbi, masiku amene munthu akafuna kujambulitsa chithunzi ankayamba wasamba ndi kudzola mafuta, padali bambo wina dzina lake Zefaniya Kanyumbu. Kwawo kudali ku Ntchisi, koma adakwatira chikamwini m'mudzi mwathu, kuseri kwa phiri la Dedza. Mkazi wake adali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, Nankhoma.

A Kanyumbu adali wojambula zithunzi, ndipo adali ndi chinthu chimene kudalibe wina adali nacho m'dera lonselo: galimoto yokhala ndi nyumba kumbuyo. Adaigula yakale kwa banja lina lachizungu limene linkabwerera kwawo. M'katimo mudali bedi, katebulo kopinda, mbaula ya gasi ndi makatani a maluwa achikasu. Anthu adaitcha Nkhono, poti inkayenda itabereka nyumba yake, komanso pachitunda sinkadziwa kufulumira.

Izi sindidachite kumva kwa munthu ayi. Chaka chimene ndidasankhidwa kupita ku sekondale, mtsikana ndekha pasukulu yathu yonse, a Kanyumbu adati mwana wanzeru sakwera lole ya chimanga. Ndidakafika kusukuluko nditakhala pabedi, sutikesi pamiyendo, ndikusuzumira pakatani ngati mkazi wa bwana. Ana a mabwana enieniwo, ochokera m'tauni, adangoti kukamwa yasa. Mpaka ndidamaliza Folomu 4 akunditchabe mtsikana wa galimoto ya nyumba.

Nkhono idayenda, anthuni. Misika ya Lachiwiri, maukwati, ubatizo, mipikisano ya makwaya, konseko a Kanyumbu ankafika, Nankhoma ali pampando wapambali atakumbatira fulasiki ya tiyi. Ikalira hutala pamlatho, ife ana tinkasiya mitsuko pachitsime.

Tsono tsiku lina m'mawa, a Kanyumbu tsitsi litayamba kuyera, adaliza galimoto monga mwa masiku onse. Idalira pang'ono, idatsokomola, n'kuzima. Adayesanso, osatheka. Adaitana amakaniko a pamsika. Uyu adati ndi pampu, uyo adati ndi mabatire, wina adamasula kachitsulo n'kupita nako kukayesa, osabweranso. Pomaliza Nkhono idakwezedwa pa njerwa patsinde pa mtengo wa mango, ndipo idakhala pomwepo zaka khumi ndi zisanu. Nkhuku zinkaikira pansi pake. Koma m'mawa uliwonse nkhalamba ziwirizo zinkakwera kutsogolo, wina pachiwongolero, wina pambali, n'kumamwa tiyi akuyang'ana msewu.

Kenaka Nankhoma adamwalira.

Mwambo mukuudziwa: mkazi wa mkamwini akamwalira, achibale a mkaziyo amamsudzula, kummasula kuti abwerere kwawo. Patapita miyezi, mlongo wake wa malemuyo, a Sandalamu, adabwera ndi mawu.

"Alamu, takhala nanu bwino, palibe chimene tidayambanirana. Loweruka la sabata yachitatu tikusudzulani, Lamulungu muone msana wa njira mvula isadayambe. Koma chitsulo chanuchi chichoke, pamenepa pabwera chigafa cha fodya. Chikakanika, ndiitana anyamata ogula zitsulo adzachidule."

Ku Ntchisi a Kanyumbu adalibe nyumba. Adachokako ali mnyamata, ndipo zonse zimene adamanga adazimanga pa dothi la eni ake. Nyumba yawoyawo idali imodzi yokha, yomweyo ya pa njerwayo. Adaitana ana awo atatu: Jailosi, makaniko wa ku Lilongwe, Eneresi, mnzanga wa pa ubwana, amene adaphunzira za magetsi a galimoto, ndi Ndaziona, chitsiriza, amene sadachokepo pamudzi ndipo ndiye adadwazika mayi ake.

"Ana inu," adatero mkuluyo, "ine kwathu sindikalowa ndi kachikwama m'manja ngati wothawa nkhondo. Ndikalowa ndi nyumba yanga. Kiyi uyu. Amene adzutse Nkhono, ine ndikadzatsata mayi anu, Nkhono idzakhala yake."

Jailosi adavula malaya tsiku lomwelo. Adapeza kuti injini idagwirana ndi dzimbiri, yosatembenuka ngakhale pang'ono. Sadaimenye ndi hamala monga akadachitira amakaniko a pamsika. Adamasula manozo, timipopi tothira dizilo mu injini, n'kutsanulira oyilo wosakaniza ndi palafini m'mabowomo, n'kudikira. Masiku anayi ankangobwera m'mawa, kuika sipanala yaikulu yolumikiza ndi chipaipi chachitali, kutsamira, kusiya. A Sandalamu ankadutsa n'kumati, "Mphwanga, kodi ukukonza kapena ukupempherera?" Tsiku lachisanu injini idati kwee, n'kutembenuka. Adatsuka thanki mmene mudali utsi wa dizilo wouma ngati phula, adasintha malamba ndi mapaipi a madzi amene adauma ngati chikopa, adamasula mabuleki onse anayi, adabweretsa matayala akale koma abwino pa minibasi. Chala chake chimodzi chidaphwanyika jeke itaterereka, koma adangochikulunga kansalu n'kulowanso pansi.

"Yatha, Ababa," adatero. "Tembenuzani kiyi."

Mkuluyo adatembenuza. Zii. Ngakhale kababu kamodzi sikadayake.

Eneresi adaseka n'kumanga chitenje m'chiuno. "Achimwene, mwadzutsa thupi, koma mtima mulibe. Tapatukani." Zida zake zidali kababu koyesera moto, mpeni ndi tepi yakuda. Atatsegula kuseri kwa chiwongolero mudagwa chisa cha makoswe chodzaza lichero, ndipo mawaya adali atadyedwa ngati nzimbe. Adawalondola mmodzimmodzi, kugona chagada, miyendo panja, masiku asanu ndi limodzi. Ndiye adatulukiranso chimene amakaniko a pamsika sadachidziwe: galimoto yotere imakhala ndi mabatire awiri, lina la injini, lina la magetsi a m'nyumba. Iwo aja adawalumikiza mosokoneza, n'kuwotcha mafyuzi, kenaka m'malo mwa fyuzi adakulungamo pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Eneresi adakonza zonsezo, adapala dzimbiri pamene waya wamkulu wakuda amagwira chitsulo cha galimoto, adamasula sitata, kamakina kolizira injini, n'kuipukuta m'kati. Ine ndidamugwirirako tochi, ndipo sindikudzitama, ndidamuwerengera buku la galimotoyo limene lidali m'Chingerezi chovuta, chimene ngakhale aphunzitsi a pamudzi adachigonjera.

Lachiwiri la sabata yomaliza, magetsi a m'nyumba adayaka. Kababu ka pamwamba pa bedi kadaunika makatani achikasu aja, ndipo a Kanyumbu adavula chipewa. Atatembenuza kiyi, sitata idazungulira, injini idalira. Utsi wakuda, nkhuku balalabalala, amayi nthungululu!

Idalira pang'ono, idatsokomola, n'kuzima. Chimodzimodzi monga zaka khumi ndi zisanu zapitazo.

Masiku atatu otsatira adali a mkangano. Jailosi adati ndi magetsi, Eneresi adati ndi mafuta. Pomaliza Jailosi adayesa kumwetsa injini kuchokera m'chigubu, ndipo idalira bwinobwino osazima. Atauzira mpweya m'paipi yochokera ku thanki, mpweya sudadutse. Paipiyo idali yotsekeka penapake, koma inkalowa pansi pa nyumba n'kusowera m'matabwa a kunsi kwa bedi, kumene dzanja silifika. Yatsopano yotalika chotero kudalibe pafupi.

Jailosi adati, "Tingomangirira chigubu pazenera, Ababa. Tikafika."

"Ine? Kulowa kwathu ndi chigubu chikulendewera ngati wodwala wa dilipi? Ukafike wekha."

Masiku onsewa Ndaziona ankangophika tiyi, kuchapa maovololo a Jailosi, kusesa m'galimoto. Akamufunsa maganizo ankati, "Ine za sipanala ndizidziwira kuti?"

Loweruka m'mawa mwambo udachitika. Achibale a Nankhoma adalankhula mawu awo, a Kanyumbu adamasulidwa. Masana, ogula zitsulo awiri adali atakhala kale pamthunzi ndi macheka awo, akudya mango a mtengo womwewo. Jailosi adatenga chitsulo chokanulira matabwa n'kulowa m'galimoto.

"Bedi lichoke. Paipi ili pansi pake."

Ndaziona adaima pakhomo. "Achimwene, bedi la amayi musalikhudze."

"Choka iwe, dzuwa likupita."

Ndaziona adalowa m'kati. Adagwada, adasolola kabati ya pansi pa bedi mmene ankasungamo mabulangete, adalowetsa mkono mpaka m'phewa, adakankha kathabwa kena kumbuyo. Tidamva kachitsulo kakulira, kwii.

"Yesani tsopano."

Jailosi adapopa mafuta, mkuluyo adatembenuza kiyi. Nkhono idalira. Tidadikira kuti itsokomole. Sidatsokomole. Idalira mpaka tiyi adazizira m'makapu, ikulirabe.

"Wachita chiyani?" adafunsa Eneresi.

"Ndatsegula mpopi."

"Mpopi wanji?"

Apo Ndaziona adakhala pansi n'kuulula. Eni ake oyamba adabisa kampopi pa paipi ya dizilo kuopa akuba. Tsiku logula, amuna ali kalikiliki ndi injini, mkazi wa mzungu uja adamuonetsa Nankhoma za m'nyumba: mbaula, makabati, ndi kampopiko. Nankhoma adasunga mumtima. Patapita zaka, maso a a Kanyumbu adayamba kuchita khungu. Tsiku lina akutsika chitunda cha ku Golomoti sadaone kona, ndipo tayala limodzi lidalendewera kuphompho. Nankhoma adawapempha kuti aleke kuyendetsa, iwo adati mkazi sauza dalaivala zochita. M'mawa mwake mayiyo adasolola kabati n'kutseka mpopi.

"Adandiuza ine ndekha," adatero Ndaziona, "ndipo adandilumbiritsa. Adati, bola akwiyire galimoto kusiyana n'kuti ndikamtole m'phompho. Adati ndisatsegule, ndisanene, kufikira tsiku limene abale awo adzawamasule Ababa. Lero awamasula. Chaka chilichonse ndinkadonthezera mafuta ophikira pa kampopiko kuti kasadzagwire dzimbiri."

A Kanyumbu adasisita chiwongolero. Kenaka adayang'ana mpando wapambali uja n'kupukusa mutu.

"Mayi iwe. Zaka zonsezi ukundithirira tiyi, ukundimva ndikutukwana amakaniko!"

Adaseka, koma misozi ikutsika.

Lamulungu m'mawa Nkhono idatsika pa njerwa. Jailosi ndiye adayendetsa, ndipo ine adandipempha kuti ndiwaperekeze, poti ulendo wolemekezeka umafuna munthu wodziwa kulankhula ndi apolisi a pamsewu. Tidafika ku Ntchisi dzuwa likadalipo, hutala ikulira, mudzi wonse udatuluka. Mkuluyo adakhala m'nyumba yakeyo zaka ziwiri, pansi pa mtengo wa muwanga, mpaka adatsata mkazi wake. Za mwini Nkhono sadatchulepo dzina. Akafunsidwa ankangoti, "Ndidanena kale. Ndi ya amene adaidzutsa."

Maliro atatha, kiyi adaikidwa pa katebulo kopinda kaja, ana atatu atakhala mozungulira.

Jailosi adaonetsa chala chake chopindika. "Injini idali mwala. Popanda ine, mukadatsegula mipopi khumi, dizilo akadangothira pa dzimbiri. Ndipo uyu adationera tikuvutika masiku atatu, ali duu ndi ketulo yake."

Eneresi adati, "Injini yanuyo mukadaizungulitsa ndi chiyani, achimwene, ndi chala chomwecho? Kiyi adali chitsulo chabe mpaka ine nditamupatsa moto. Ndipo Ndaziona asatinamize. Akadalankhula kalekale, makoswe sakadalowa, dzimbiri silikadagwira. Munthu sangatseke chitseko yekha n'kudzafuna mphotho yotsegula."

Ndaziona adati, "Sindidatseke ndine, adatseka ndi amayi. Ndikadalankhula kalekale, mukadagawana zitsulo za m'phompho, ndi maliro awiri pamwamba. Inu mudagwira ntchito masabata atatu. Ine ndidasenza mawu zaka khumi ndi zisanu, ndikuwaona Ababa akusisita chiwongolero m'mawa uliwonse. Ndipo tsiku lija, inu nonse mutatha nzeru, idalira ndi dzanja la ndani?"

Onse atatu adatembenukira kwa ine. Sizodabwitsa. Ndaweruzapo milandu ya m'mabanja, ya kumpingo, ya m'gulu la amayi, ndipo palibe amene adachokapo akudandaula. Koma mlandu uwu udandikanika. Kugawa sikutheka: ukachotsa injini, nyumba siyenda, ukachotsa nyumba, yatsala lole wamba. Kugulitsa onse adakana.

Ndiye ndabwera nayo kwa inu. Wina adamasula chimene chidagwirana, wina adabwezera moto m'mawaya, wina adasunga lumbiro n'kutsegula pa tsiku lake. Kiyi ndi mmodzi. Inu mukadakhala pa katebulo kaja, mukadamuika m'dzanja la ndani?