Kola wa kwa a Kulibali

Fode ankasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango mumzinda wa Segu, manja ali pantchito koma mtima uli kutsidya kwa mtsinje wa Joliba, kumene Tenin, mwana wamkazi wa a Kulibali, ankachapira. Ankamukonda chamumtima, koma ngakhale moni weniweniyu anali asanamupatsepo.

M'mawa wina mkulu wake Tiemoko anabwera ndi mtedza wa kola wokulunga m'masamba, mphatso imene kuno timafunsira mbeta.

"Iwe uli ndi pakamwa pabwino. Ukandifunsire mbeta kwa a Kulibali, mwana wawo uja..."

Atangomva za a Kulibali, makutu a Fode anatseka. Mawu otsalawo anapita ndi mphepo, iye akungoona nsalu ya Tenin ikuyandama pamadzi.

Kwathu kuno wotumidwa sanyamuka asanabwereze uthenga pamaso pa womutuma, pakuti mawu amakhazikika m'mutu ukawatchula wekha.

"Tabwereza ndimve," anatero Tiemoko.

"Achimwene, ndine khanda ine? Ndamva kale."

"Maso akowo ali kutali, iwe."

"Ndati ndamva!"

Sunali mwano wokha ayi. Ankaopa kutchula dzina loti limubaye mtima.

Anapalasa bwato mwaulesi, nkhungu itakuta mtsinje, akutsanzikana ndi Tenin m'maganizo. A Kulibali anali ndi ana aakazi awiri, koma m'mutu mwa wolotayu munali mmodzi basi.

Atafika anapereka kola uja mwaulemu. "Achimwene anga a Tiemoko akupempha Tenin."

Akuluakulu anagwirizana nazo. Kola anagawidwa mpaka kwa azakhali akutali, aliyense n'kutafuna wake. Ndipotu kola akadyedwa, mawu sabwezedwa.

"Akupatsani Tenin, achimwene," anatero Fode atabwerako, maso ali pansi.

Tiemoko anagwira pakamwa. "Tenin? Ine ndinati Korotumu, mkulu wakeyo! Unali kuti pamene ndimalankhula?"

"Ndibwerere ndikawauze kuti ndalakwitsa?"

"Ukachititse manyazi mwana wa eni, mudzi wonse utatafuna kale? Zatha, mphwanga. Wandikwatitsa."

Tsiku laukwati anali Fode yemweyo amene anaolotsa mkwatibwi. Korotumu anatsala pagombe akupukuta misozi ndi mpango. Pakati pa mtsinje Tenin anatukula nsalu yakumaso, n'kumuyang'ana.

"Nditamva kuti mwabwera ndi kola, ndinkayesa ndi wanu, alamu."

Fode anangopalasa, mtima ukuwawa. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.